Harry Belafonte: ankangosangalatsa azungu kapena analidi munthu wa nkhondo?

Ndalandira imelo kuchokera kwa achemwali ena omwe ali ku Leicester, ku UK, amagwira ntchito pa nyumba yosamalira okalamba. Ndiifupikitsa chifukwa inali yaitali ndithu. Akuti Lachisanu lililonse masana amawaikira agogo aja nyimbo zakale, ndipo ikangolira ya Harry Belafonte, kaya Day-O kaya Jamaica Farewell, ngakhale agogo amene tsiku lonse amangokhala duu osayankhula amayamba kugwedeza mutu, ena mpaka kuyimba nawo. Iwonso achemwaliwo nyimbozi zawalowa. Koma mnzawo wina wa pantchito, mayi wochokera ku Trinidad, anawauza kuti asanamizidwe, munthu ameneyu si mfumu ya calypso ayi, anangotenga nyimbo za eni ake n'kuzisalalitsa kuti azungu azigula. Kenako pa Facebook anaona anthu akumutama kuti anali mmodzi mwa omenyera ufulu wa anthu akuda ku America limodzi ndi Martin Luther King. Ndiye funso lawo ndi loti zoona zake ndi ziti, munthu woyimba za nthochi ndi za nyanja angakhale bwanji wolimbana ndi tsankho, nanga akafuna kumumvetsa bwino ayambire pati?

Achemwali, zikomo kwambiri chifukwa cha funso limeneli, mwandikhudza pamtima chifukwa mkulu ameneyu ine ndimamulemekeza zedi. Mnzanu wa ku Trinidad uja sakunama, ndipo a pa Facebook aja nawonso sakunama. Koma chimene ndikufuna muone ndi chakuti kwa Belafonte nyimbo ndi nkhondo sizinali zinthu ziwiri zosiyana, nyimbo zomwezo zimene agogo anu akuvina ndi zimene zinkatulutsa anthu m'ndende ku Alabama.

Tiyambe ndi mnzanuyo, chifukwa ali ndi mfundo yomveka ndipo mukamuyankhe mwaulemu.

Calypso kwawo ndi ku Trinidad, osati ku Jamaica. Inachokera kwa akapolo otengedwa ku Africa ndi zidzukulu zawo, ndipo inakulira mu Carnival, chikondwerero chachikulu chija chimene chimachitika Lenti isanayambe. Atsamunda a ku Britain ankaziopa ng'oma, moti m'ma 1880 anaziletsa, anthu n'kuyamba kumenya nsungwi, kenako migolo yachitsulo imene inadzasanduka steelpan. Woyimba calypso weniweni amakhala ngati nyuzipepala ya anthu osauka, amapeka nyimbo zatsopano chaka chilichonse, amanyoza bwanamkubwa, amaulula za nduna yakuba, amaseka mwamuna wachimasomaso, ndipo amapikisana ndi anzake m'mahema momwe anthu amalipira kuti amve kuti chaka chino wapeka zotani. Zili ngati nyimbo za pamtondo zija amayi ankayimba kumudzi, zoti mwamuna kaya apongozi amve madandaulo koma osapeza pogwira kuti akalipe. Atsamunda zinawapweteka mpaka m'ma 1930 anayamba kufuna kuti mawu a nyimbo aziyamba aonedwa ndi boma. Mayina amene mnzanuyo anakulira nawo ndi a Roaring Lion, Attila the Hun amene mpaka anadzasankhidwa kulowa m'nyumba ya malamulo mu 1950, Lord Kitchener, Mighty Sparrow, Calypso Rose. Amenewo ndiye mafumu ndi mafumukazi, ndipo ufumu wa calypso ku Trinidad munthu amachita kuupambana pampikisano, sumapatsidwa ndi kampani yogulitsa zimbale ku New York.

Palinso bala lina lakale. Nyimbo ya Rum and Coca-Cola ya Lord Invader inatengedwa n'kukayimbidwa ndi a Andrews Sisters ku America, inagulidwa kwambiri mu 1945, mwini wake anachita kukasuma kukhothi kuti apeze kanthu. Ndiye munthu wa ku Trinidad akamva kuti waku America wina akutchedwa King of Calypso, mtima umamuwawa ndithu. Komanso nyimbo zina zimene anthu amati ndi za Belafonte zinali ndi eni ake kale, Matilda inajambulidwa koyamba ndi King Radio, Jump in the Line ndi ya Lord Kitchener, Mama Look a Boo Boo ndi ya Lord Melody. Ndipo Day-O ndi Jamaica Farewell si calypso n'komwe, zili kufupi ndi mento, nyimbo zachikale za ku Jamaica. Belafonte mwini wake ankanena poyera kuti iye si woyimba calypso weniweni ndipo dzina la ufumulo silinkamusangalatsa, koma dzina likakumata pa zimbale mamiliyoni silichoka.

Pamene ndikusiyana ndi mnzanuyo ndi pa mawu oti anatenga za eni ake, ngati kuti iye anali mlendo. Anabadwa pa 1 March 1927 ku Harlem, ku New York, makolo ake anali ochokera ku zilumba za Caribbean, mayi ake Melvine ankagwira ntchito zam'nyumba kwa anthu olemera, bambo ake anali khukhi m'sitima zapamadzi ndipo nthawi zambiri sankakhala pakhomo. Umphawi utavuta mayi ake anamutumiza ku Jamaica kwa agogo ake, anakhalako kuyambira 1932 mpaka 1940. Ndiye mawu a ogulitsa pamsika, nyimbo za anthu a m'minda ndi a padoko, anazimva ndi makutu ake ali mwana, sanaziwerenge m'buku.

Tsopano tamverani Day-O mofatsa, osati pa phokoso la Lachisanu lija koma nokha ndi mahedifoni. Imayamba ndi munthu mmodzi akufuula ngati ali patali, kenako gulu la amuna likumuyankha chapansipansi. Amene akuyimbawo ndi anthu a ganyu padoko, asenza mikoko ya nthochi usiku wonse kulongedza m'sitima, chifukwa masana dzuwa limapsereza ndipo nthochi zimaonongeka, tsopano kunja kwayamba kucha misana yatheratu, akuitana kalaliki kuti abwere awerenge mikoko imene asenza kuti alandire kangachepe kawo azipita kwawo. Mumikokomo mumabisala akangaude oopsa, nyimboyo imatchulanso zimenezo. Nthochizo sadya iwo, zikupita ku Britain ndi ku America, phindu ndi la makampani akunja. Nyimboyi inali ya anthu wamba kalekale, Edric Connor wa ku Trinidad anaijambula mu 1952, ndipo imene timaidziwa ife anaikonza ndi Irving Burgie ndi William Attaway. Burgie ameneyu, amene mayi ake anali a ku Barbados, ndi amene analemba nyimbo zambiri za pa chimbale cha Belafonte chotchedwa Calypso, ndi yemwenso analemba mawu a nyimbo ya fuko ya Barbados. Ndiye ganizani, mu 1956, nthawi imene munthu wakuda ku Alabama sankaloledwa kukhala kutsogolo m'basi, m'nyumba za azungu mamiliyoni munkalira mawu a munthu wakuda wotopa akufunsa malipiro ake, ndipo ana awo ankayimba nawo. Kaya onse ankamva tanthauzo kaya ayi, ine ndimaona kuti chimenechi sichinali chaching'ono.

Chimbale cha Calypso chinatuluka ku RCA Victor mu 1956, chinakhala pa nambala wani masabata 31 pa Billboard, mndandanda wa zimbale zogulidwa kwambiri ku America, ndipo chimadziwika kuti ndi LP (chimbale cha nyimbo zambiri) yoyamba ya woyimba mmodzi kugulidwa makope opitirira miliyoni. Chaka chimenecho ndi chomwe Elvis Presley anaphulika, koma mnyamata wa ku Harlem ankalimbana naye pamwambapo.

Chodabwitsa ndi choti iye sankafuna n'komwe kukhala woyimba. Sukulu inamuvuta chifukwa anali ndi dyslexia, vuto loti zilembo zimasokonekera powerenga, anaisiyira panjira n'kulowa usilikali wapamadzi nthawi ya nkhondo yachiwiri. Atabwerako ankagwira ntchito yosesa ndi kukonza zinthu pa mdadada wina wa nyumba, ndiye tsiku lina munthu wokhala m'menemo anamupatsa matikiti a sewero ku American Negro Theater ngati kathokozo. Basi mtima unagwa pa zisudzo. Kumeneko ndi komwe anakumana ndi Sidney Poitier, onse awiri ali amphawi, ndipo anakaphunzira zisudzo kalasi imodzi ndi Marlon Brando ndi Tony Curtis. Kuyimba anayamba kuti apeze ya fizi ndi ya lenti. Munthu amene ankamutenga ngati bambo wake pa maganizo anali Paul Robeson, woyimba wamawu akulu uja amene boma la America linamulanda pasipoti chifukwa cholankhula za tsankho ndi za atsamunda. Ndiye Belafonte ankadziwa bwino lomwe mtengo wa kutsegula pakamwa, anaona ndi maso ake mmene anamugwetsera Robeson, koma anasankhabe njira yomweyo.

Kutchuka sikunamuchotsere khungu. Ankayimba m'mahotela akuluakulu ku Las Vegas momwe ankauzidwa kuti alowere khomo lakuseri ndipo akagone kwina. Atasewera filimu ya Island in the Sun mu 1957, momwe munali kachikondi pakati pa iye ndi mzungu Joan Fontaine, mayiyo analandira makalata omuopseza. Ku New York komweko anamukaniza nyumba ya lenti pa West End Avenue atadziwa kuti ndi wakuda, iye n'kugula mdadada wonsewo. Kwa zaka zingapo anakana kukayimba kumwera kwa America komwe anthu ankakhala mosiyanitsidwa m'maholo, ndipo mafilimu amene ankaona kuti akunyozetsa anthu akuda ankawakana ngakhale ndalama zikhale zambiri bwanji. Anapambana mphoto ya zisudzo ya Tony mu 1954, anapambananso mphoto ya za pa TV ya Emmy mu 1960, woyamba mwa amuna akuda. Zimenezi ndikungodutsapo, mphoto si nkhani yaikulu pa munthu ameneyu.

Nkhani yaikulu inayamba mu 1956, chaka chomwecho cha chimbale chija, pamene m'busa wachinyamata wa ku Montgomery, Martin Luther King, anamuimbira foni kuti akumane. Anakumana m'chipinda chapansi pa tchalitchi cha Abyssinian Baptist ku Harlem, anakambirana maola angapo, ndipo kuyambira pamenepo mpaka King ataphedwa ku Memphis pa 4 April 1968, Belafonte anali mmodzi mwa anthu ake apamtima kwambiri.

Apa ndikufuna mumvetse chinthu chimene mabuku a mbiri amakonda kulumpha. Zionetsero zimadya ndalama. Timaona zithunzi za anthu akuguba atagwirana manja, koma munthu akamangidwa pamafunika belo, maloya amafuna zawo, galimoto zimafuna mafuta, achinyamata amene asiya sukulu kukalembetsa anthu m'kaundula wa mavoti kumidzi amafunika kudya, amene wachotsedwa ntchito chifukwa choguba ana ake akudikira kunyumba. Akuluakulu a tsankho ankadziwa zimenezi, njira yawo inali yomanga anthu ambirimbiri n'kuika belo yokwera kuti gulu liume. Belafonte anali mmodzi mwa anthu akuda ochepa kwambiri nthawi imeneyo amene anali ndi ndalama zenizeni komanso manambala a foni a anthu olemera, ndipo zonsezi anazipereka. Anathandiza ndi ndalama ma Freedom Rides a 1961, pamene achinyamata akuda ndi azungu ankakwera basi limodzi kulowa kumwera n'kumamenyedwa, basi ina mpaka kuotchedwa. Anathandiza SNCC, bungwe la ophunzira omenyera ufulu wa anthu akuda, kuyambira pachiyambi. King atamangidwa ku Birmingham mu April 1963, Belafonte anasonkhetsa madola 50,000 a belo. Nyumba yake ya pa West End Avenue ija inali malo a misonkhano, King akabwera ku New York ankafikira pomwepo. King mwini wake analibe chuma, ngakhale ndalama za mphoto ya Nobel anazipereka zonse ku gulu, ndiye Belafonte ndi amene ankathandiza pakhomo pake, mpaka anamulipirira inshuwalansi ya moyo kuti tsiku loipa likadzafika mkazi wake Coretta ndi ana anayi asadzavutike. Tsikulo linafikadi.

Koma si ndalama zokha ayi, chifukwa wina atha kunena kuti kulemba cheke uli ku New York n'kosavuta. Mu 1964 kunali Freedom Summer ku Mississippi, achinyamata mazanamazana anapita kukathandiza anthu akuda kulembetsa kuti azivota. Atatu mwa iwo, James Chaney, Andrew Goodman ndi Michael Schwerner, anasowa mu June, mitembo yawo inapezeka pa 4 August itakwiriridwa mu khoma la dothi la damu, anaphedwa ndi a Ku Klux Klan, gulu la azungu atsankho, mothandizidwa ndi wapolisi wa m'deralo. Masiku omwewo a SNCC anaimbira Belafonte kuti ndalama zatha ndipo achinyamata ambiri akufuna kukhalabe, asathawe. M'masiku ochepa anapeza madola 70,000. Vuto linali loti ndalamazo zifika bwanji, kuzitumiza pa banki ya ku Mississippi kunali ngati kuwauza adani kuti nazi ndipo wolandira ndi uyu. Ndiye anaziika m'chikwama, kashi, n'kuuza Sidney Poitier kuti tiye. Anakwera ndege mpaka ku Jackson, kuchokera apo kandege kakang'ono mpaka ku Greenwood, anatera usiku pa bwalo lamdima. Atangokwera galimoto ya a SNCC, magetsi a galimoto ina anayaka kumbuyo, n'kuyamba kuwathamangitsa ndi kuwagunda kumbuyo kuti agwere kumbali kwa msewu, mpaka galimoto zina za a SNCC zinabwera kudzawazungulira n'kuwalowetsa m'tauni. Anafika mu holo yodzaza ndi achinyamata otopa, amantha, amene angomva kumene za anzawo atatu aja, Belafonte n'kukweza chikwama chija m'mwamba. Ndipo nyimbo imene inayimbidwa usiku umenewo inali Day-O yomweyo, atasintha mawu kuti ikambe za ufulu. Usikuwo anagona m'nyumba imene panja pake panali anthu olondera ndi mfuti.

Mukamafunsa kuti woyimba za nthochi angakhale bwanji wa nkhondo, yankho langa ndi Greenwood. Munthu amene anali ndi zonse zoti ataye, nyumba, ana, mawu, dzina, anakwera kandege usiku ndi chikwama pamiyendo.

Pa March on Washington, chionetsero chachikulu cha mu August 1963, ndi iye amene anasonkhanitsa akatswiri a mafilimu kuti abwere, podziwa kuti makamera amatsata nkhope zodziwika komanso apolisi amaganiza kawiri asanamenye gulu lomwe muli Marlon Brando. Mu March 1965, pa ulendo wa pansi wochokera ku Selma kupita ku Montgomery, usiku womaliza anabweretsa Nina Simone, Sammy Davis Jr., Tony Bennett, Joan Baez ndi ena kudzayimbira anthu amene anayenda masiku angapo m'matope, siteji yake anaipanga ndi mabokosi a maliro obwereka chifukwa panalibe china choti aimepo.

Za pa TV nazonso ndi zofunika. Mu February 1968 Johnny Carson anamusiyira pulogalamu ya The Tonight Show kwa sabata yathunthu, iye n'kuitana King ndi Robert Kennedy kuti America iwamve akucheza momasuka. Miyezi yochepa chabe onse awiri anali ataphedwa. Chaka chomwecho pojambula pulogalamu ya Petula Clark, woyimba wa ku Britain amene agogo anu a ku Leicester akumudziwa bwino, mayiyo anagwira mkono wa Belafonte ali mkati moyimba, kungogwira mkono basi. Bwana wina wa kampani ya galimoto imene inkalipira pulogalamuyo anati ajambulenso, anthu akumwera akwiya. Petula ndi mwamuna wake anakana, ndipo pulogalamu inaulutsidwa mkono uli pomwepo. Muwafunse agogowo, mwina alipo amene akukumbukira.

Tsopano za kuno ku Africa, chifukwa ambiri sadziwa kuti mkuluyu anatiyandikira bwanji. Mu 1959 anakumana ndi Miriam Makeba ku London, mtsikana atangochoka ku South Africa, anamuthandiza kulowa ku America, kumupezera malo oyimba ndi kumuika pa siteji yake. Boma la apartheid litamukaniza Makeba kubwerera kukaika maliro a mayi ake mu 1960, anali kale ndi pogwira. Hugh Masekela, woyimba lipenga wa ku South Africa, nayenso anathandizidwa ndi Belafonte atafika ku New York. Chimbale chawo cha 1965, An Evening with Belafonte/Makeba, chinapambana Grammy mu 1966, ndipo nyimbo zake ndi za m'Chixhosa, Chizulu, Chisotho ndi Chiswahili, muli Malaika, mulinso nyimbo yochenjeza Verwoerd, nduna yaikulu ya apartheid, dzina lake kulitchula ndithu iye akadali pampando. Taganizani munthu amene akanatha kumangobwereza nyimbo za zilumba n'kumadya ndalama mpaka kukalamba, akusankha kutulutsa chimbale m'zilankhulo zoti ogula ake sakuzimva.

Mu 1959 momwemo iye, Poitier ndi Jackie Robinson anasonkhetsa ndalama zothandiza pulani ya Tom Mboya, wandale wa ku Kenya, yotumiza ophunzira a ku Kenya ku makoleji a ku America, ndege yoyamba inanyamula ophunzira 81. Kenya italandira ufulu mu December 1963 iye ndi Makeba anakayimba ku Nairobi. Ndipo Freedom Summer itatha, ataona kuti achinyamata a SNCC atheratu mphamvu, anawakonzera ulendo wopita ku Guinea kwa pulezidenti Sékou Touré, mu gululo munali John Lewis ndi Fannie Lou Hamer, mayi wolima thonje wa ku Mississippi amene anamenyedwa koopsa m'ndende chifukwa chofuna kuvota. Kwa mayi ngati ameneyo kuona anthu akuda akuyendetsa ndege, mabanki ndi boma chinali chinthu chachikulu kwambiri.

We Are the World mumaidziwa, palibe amene sanaimvepo pa wailesi. Anthu amakumbukira Michael Jackson ndi Lionel Richie amene anailemba, ndi Quincy Jones amene anaikonza, koma ganizo linachokera kwa Belafonte ataona njala ya ku Ethiopia pa TV kumapeto kwa 1984. Anaijambula usiku wa pa 28 January 1985 ndipo inapeza madola opitirira 60 miliyoni. Mukaonera vidiyo yake simumuona akuyimba yekha mzere uliwonse, ali kumbuyo mu kwaya. Koma usiku umenewo oyimba onse aja anayamba okha kumuyimbira Day-O mu situdiyo, kavidiyo kameneko kalipo pa YouTube, mukaone nkhope yake.

Mu 1987 anakhala kazembe wa UNICEF, ndipo mu 1988 anali ku Harare pa msonkhano ndi konsati yokhudza ana a kumwera kwa Africa, nthawi imene nkhondo ya ku Mozambique inkathamangitsira mabanja ambirimbiri ku Nsanje, Ntcheu, Dedza ndi maboma ena a m'malire. Chaka chomwecho anatulutsa chimbale cha Paradise in Gazankulu chotsutsa apartheid, chopangidwa ndi oyimba a ku South Africa. Iye ndi katswiri wa tenisi Arthur Ashe anayambitsa gulu la akatswiri okana kukasewera kapena kukayimba ku South Africa, ndipo Mandela atatuluka m'ndende n'kupita ku America mu June 1990, Belafonte anali mmodzi mwa okonza ulendowo.

Sindikufuna mumutenge ngati mngelo. Pakamwa pake panali pakuthwa, ndipo atakalamba panathwa kwambiri. Mu 2002 anafanizira Colin Powell, munthu wakuda amene anali nduna ya zakunja ya America nthawi imeneyo, ndi kapolo wa m'nyumba ya bwana, mu 2006 ali ku Venezuela anatcha George W. Bush chigawenga chachikulu padziko lonse, ndipo mu 2012 anadzudzula Jay-Z ndi Beyoncé kuti atembenukira msana udindo wawo kwa anthu. Anasemphananso ndi ana a King mpaka kufika kukhothi pa nkhani ya mapepala ena a bambo awo, zomwe kwa ine ndi zomvetsa chisoni poganizira kuti anawo anawathandiza kulera. Mawu aja okhudza Powell ine ndimaona kuti anapitirira muyezo, munthu utha kutsutsa nkhondo ya ku Iraq popanda kumutcha mnzako kapolo. Ubwenzi wake ndi Fidel Castro ndi Hugo Chávez nawonso anthu ambiri sanagwirizane nawo, ndipo anali ndi zifukwa zawo. Koma zimene ananena za oyimba olemera ndimagwirizana nazo, ndipo iye anali ndi ufulu wonena chifukwa sankapempha aliyense chinthu chimene iye sanachite. Ngakhale ali ndi zaka pafupifupi 80 sanakhale pansi, mu 2005 ataona pa TV kamtsikana ka zaka 5 kakumangidwa unyolo ndi apolisi pa sukulu ina ku Florida anayambitsa bungwe la Gathering for Justice lolimbana ndi kutsekera ana m'ndende. Filimu yake yomaliza inali BlacKkKlansman ya Spike Lee mu 2018, momwe amakhala pampando n'kumafotokozera achinyamata za mnyamata wakuda amene anaphedwa ndi gulu la anthu ku Waco, Texas, mu 1916. Anamwalira pa 25 April 2023 kunyumba kwake ku New York ali ndi zaka 96.

Poyambira, musayambe ndi zimbale za greatest hits zija. Pezani Belafonte at Carnegie Hall ya 1959, ndi konsati yamoyo, ndipo ndi momwe mungamve kuti mkuluyu anali wazisudzo amene amayimba. Mawu ake si akulu kwambiri, ali ndi kakusasa pang'ono, koma amatchula liwu lililonse momveka ndipo amadziwa pofunika kukhala chete. Mumvemo nyimbo za akaidi, za m'tchalitchi, yachiyuda, ya ku Ireland, ya ku Mexico, kenako Matilda imene amaikoka mphindi zoposa khumi akuyimbitsa holo yonse gulu ndi gulu. Mukatero mverani Swing Dat Hammer ya 1960, imeneyi ndi ya nyimbo za akaidi akuda omangidwa maunyolo akuphwanya miyala m'misewu ya kumwera, ndi yolemera mumtima, si ya Lachisanu masana ayi, koma mukaimva simudzanenanso kuti ankangosangalatsa anthu, ndipo ndi imene inamupatsa Grammy yoyamba. Kenako chimbale cha iye ndi Makeba chija. Calypso ya 1956 muimve pomalizira, mudzaimva mosiyana. Khirisimasi ikafika muwaikire agogowo Mary's Boy Child yake, ambiri timaidziwa ya Boney M koma yake ndi imene inali nambala wani ku Britain mu 1957, ena mwa iwo anali achinyamata nthawi imeneyo. Ngati mumakonda kuwerenga, analemba buku la moyo wake, My Song, mu 2011, nkhani ya ku Greenwood ili koyambirira kwenikweni.

Calypso yeniyeni nayonso musaisiye. Yambani ndi Jean and Dinah ya Mighty Sparrow, ya 1956 yomweyo, imakamba za mmene zinthu zinasinthira ku Port of Spain asilikali a ku America atachoka, mumva kusiyana kwake nthawi yomweyo, mawu ndi ambiri, ndi othamanga, ndi olasa. Lord Kitchener anafika ku Britain pa sitima ya Empire Windrush mu 1948 ndipo anakhala zaka zambiri ku Manchester, anayimbanso Birth of Ghana pokondwerera ufulu wa dziko la Nkrumah. Zinazo akuuzeni mnzanu wa pantchito uja, iye akudziwa zoposa zimene ine ndingalembe pano, ndipo mumupemphe kuti Lachisanu lina asankhe nyimbo ndi iyeyo.